Mbiri ya Siteshoni ya Baker Street ku London

Siteshoni isanabwere, pamalopa panali msewu, ndipo msewuwo anaulambulira ng'ombe. M'chaka cha 1756 anthu a ku London anatsegula njira m'mphepete mwa mzinda wawo chakumpoto, yochokera ku Paddington kukafika ku Islington, kuti ng'ombe ndi nkhosa zopita ku msika wa Smithfield zileke kudzaza misewu ya m'kati. Anaitcha New Road. Uku ndi uku kunali minda ndi madambo odyetsera ziweto. M'zaka za m'ma 1700 momwemo, mmisiri womanga nyumba dzina lake William Baker anayala msewu wina pa malo a banja la Portman, wochokera kumwera kulunjika ku New Road, ndipo msewuwo unatenga dzina lake. Lero chigawo cha New Road chimene chili pamenepo chimatchedwa Marylebone Road. Pa mphambano ya misewu iwiriyi ndi pamene pali siteshoni ya Baker Street, imodzi mwa masiteshoni 7 oyamba pa dziko lonse a sitima zoyenda pansi pa nthaka.

Patapita zaka 100, minda ija inali itamezedwa ndi nyumba. Mu 1801 London anali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Pofika 1851 anali ndi oposa 2 miliyoni. Njanji zochokera m'zigawo za dziko zinafika imodzi ndi imodzi: Euston mu 1837, Paddington mu 1838, King's Cross mu 1852. Zonsezi zinathera m'mbali mwa msewu wa ng'ombe uja, ndipo bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa mu 1846 linalangiza kuti njanji zisaloledwe kulowa m'kati mwenimweni mwa mzinda. Choncho munthu ankatsika sitima ulendo usanathe. Kuti akafike ku City, chigawo chakale cha mabanki ndi malonda, ankalowa m'piringupiringu wa ngolo, akavalo, ziweto ndi anthu. Tsiku lililonse anthu okwana 200,000 ankalowa mu City wapansi.

Munthu amene anausenza mtolo umenewu ngati wake ndi Charles Pearson, loya wa khonsolo ya City. Iye sanali injiniya, komanso sanali wa malonda a njanji. Chimene chinkamusowetsa tulo ndi moyo wa amphawi, amene ankathithikana m'zipinda zonyowa pafupi ndi malo a ntchito chifukwa analibe njira yoyendera kuchokera kutali. Ankaganiza kuti patakhala sitima yotsika mtengo, wantchito akhoza kugona kunja kwa mzinda kumene kuli mpweya wabwino, n'kumalawirira ku ntchito. Analankhula za nkhaniyi kwa zaka zambiri, ena akumuseka. Mu Ogasiti 1854 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti kampani ya Metropolitan Railway imange njanji ya pansi pa nthaka yolumikiza Paddington, King's Cross ndi Farringdon. Chilolezo chinapezeka, koma ndalama ayi. Pankafunika pafupifupi mapaundi 1 miliyoni, ndipo inali nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, pamene eni chuma ankaumira. Ndi Pearson yemweyo amene ananyengerera khonsolo ya City kuti iikepo mapaundi 200,000, ndipo ena ataona zimenezo analimba mtima.

Ntchito yokumba inayamba mu 1860 motsogozedwa ndi injiniya John Fowler. Njira yake inali yosavuta kuimvetsa koma yowawa kuigwira. Ankatseka msewu, n'kukumba ngalande yaikulu yotakata pafupifupi mamita 10, n'kumanga makoma a njerwa mbali zonse ziwiri, n'kufolera pamwamba ndi denga lokhota la njerwa kapena ndi zitsulo, kenaka n'kukwirira ndi dothi ndi kubwezeretsa msewu. Zida zake zinali mapiki, mafosholo ndi mawilibala. Apa ndi pamene New Road inathandiza: popeza inali yotakata ndiponso yowongoka, kampani inatsata pansi pake osalipira eni nyumba. Chakum'mawa, ku Clerkenwell, zinthu sizinali choncho. Kumeneko nyumba za amphawi zinagumulidwa, ndipo anthu omwe Pearson ankawamvera chisoni ndiwo anayamba kulawa ululu wa njanjiyo.

Mu Meyi 1862 akuluakulu, kuphatikizapo William Gladstone amene anali nduna ya zachuma, anayendera njanjiyo atakwera mabogi opanda denga. Mwezi wotsatira mtsinje wa Fleet, umene kale anautsekera pansi n'kuusandutsa ngalande ya zonyansa, unaphulika n'kusefukira m'zokumbazo chakufupi ndi Farringdon. Ntchito inachedwa. Pearson anamwalira pa 14 Seputembala 1862, kutatsala miyezi inayi kuti aone chimene anachivutikira. Ali moyo anakana mphotho imene kampani inafuna kumupatsa. Atamwalira, kampaniyo inapatsa mkazi wake wamasiye mapaundi 250 chaka chilichonse.

Loweruka pa 10 Januwale 1863 zitseko zinatsegulidwa. Njanjiyo inali ya makilomita 6, ndipo masiteshoni ake anali awa: Bishop's Road ku Paddington, Edgware Road, Baker Street, Portland Road, Gower Street, King's Cross ndi Farringdon Street. Tsiku limenelo anthu pafupifupi 38,000 anakwera, ndipo pomatha chaka choyamba maulendo anali atakwana 9.5 miliyoni. Ulendo wonse unkatenga mphindi 18. Mabogi anali a matabwa, ounikiridwa ndi nyali za gasi, ndipo gasiyo ankamusungira m'matumba pa denga. Panali magulu atatu a okwera: apamwamba ankalipira mapeni 6, apakati 4, apansi 3, ndalama imene agogo athu ankaitcha tiki. Mu 1864 kampani inayamba kuyendetsa sitima za m'mamawa za antchito, zimene tiki yomweyo inkakwanira kupita ndi kubwera. Limeneli linali loto la Pearson.

Baker Street ya nthawi imeneyo inali ndi mapulatifomu awiri okha, oyang'anizana, pansi pa denga limodzi lokhota la njerwa. M'makoma ake amisiri anasiya mipata yopendekeka yotulukira kunja m'mbali mwa msewu, n'kuimata matailosi oyera, kuti kuwala kwa dzuwa kutsike ndipo utsi ukwere. Pansi panayalidwa zitsulo zitatu m'malo mwa ziwiri, chifukwa sitima zoyamba zinali za kampani ya Great Western, imene njanji zake zinali zotakata kuposa za ena. Ubale wa makampani awiriwa sunakhalitse. Mu Ogasiti 1863 Great Western inachotsa sitima zake, Metropolitan inabwereka za Great Northern, ndipo mu 1864 inalandira mainjini akeake kuchokera ku kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester.

Tiime pang'ono pa nkhani ya utsi, chifukwa ndiyo inalamulira zaka 40 zoyamba. Injini ya nthunzi imafuna moto, ndipo moto wa malasha m'njira yotsekeka ulibe kotulutsira utsi wake. Fowler anayesa kupanga injini yosunga kutentha m'njerwa zootcha kuti isamasonkhe moto ikalowa pansi. Anaiyesa mu 1861, inakanika, ndipo anthu anaipatsa dzina loti mzukwa wa Fowler. Mainjini a Beyer, Peacock anali ndi mapaipi obweza nthunzi m'matanki a madzi ozizira kuti isafalikire, koma madziwo ankatentha msanga, ndipo utsi wa malasha unalibe mankhwala. Kampani inaboola mazenera pakati pa msewu kuti utsi uzitulukira, ndipo akavalo odutsa pamwamba ankadzidzimuka nawo. Mu 1897 boma linachita kukhazikitsa komiti yofufuza za mpweya wa m'njanjiyi. Komabe anthu sanaleke kukwera. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene tingayezere kuipa kwa misewu ya pamwamba: munthu ankasankha kutsokomola mphindi 18 kusiyana ndi kutaya ola m'matope a akavalo. Oyendetsa mainjini ndi osonkha moto, amene ankakhala mu utsiwo tsiku lonse, analibe chosankha chotero.

Pa 13 Epulo 1868 panachitika chinthu chimene pa nthawiyo chinaoneka chaching'ono, koma ndicho chinasiyanitsa Baker Street ndi anzake asanu ndi mmodzi aja. Kanjanji ka mzere umodzi kanatsegulidwa kuchokera pa mapulatifomu atsopano, pambali pa akale, kulowera kumpoto mpaka ku Swiss Cottage. Kuyambira tsiku limenelo Baker Street inasanduka mphambano. Mu 1872 mpando wa kampani unapita kwa Edward Watkin, munthu wa maloto aakulu, amene ankatsogoleranso makampani ena a njanji ndipo ankafuna sitima yochokera ku Manchester, kudutsa London, kulowa pansi pa nyanja mpaka ku Paris. Kanjanji ka ku Swiss Cottage kanali chidutswa cha loto limenelo, ndipo anakakoka chaka ndi chaka: Willesden Green mu 1879, Harrow mu 1880, Pinner mu 1885, Rickmansworth mu 1887, Chesham mu 1889, Amersham ndi Aylesbury mu 1892. Pambuyo pake sitima za Metropolitan zinkafika ku Verney Junction ndi ku Brill, midzi ya alimi yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Baker Street. Sitima ya pansi pa mzinda inayamba kunyamula mkaka, malasha ndi ziweto. Ku Wembley, Watkin anayamba kumanga nsanja yoti ipose ya Eiffel. Inathera pa gawo loyamba, anaigwetsa mu 1907, ndipo pamalo pake anamangapo bwalo la mpira la Wembley mu 1923.

M'kati mwa mzinda namonso njanji inkakula. Inafika ku Hammersmith mu 1864, ku Moorgate mu 1865, ku Aldgate mu 1876, ndipo mu 1884, pambuyo pa mikangano yambiri ndi kampani ya District, njira yozungulira pakati pa London inalumikizika. Chaka chomwecho nyumba ya zidole za phula ya Madame Tussaud, imene inali mu Baker Street kuyambira 1835, inasamukira pa Marylebone Road, pafupi ndi khomo la siteshoni. Mu 1887 dokotala wina, Arthur Conan Doyle, anatulutsa nthano yoyamba ya wofufuza milandu Sherlock Holmes, n'kumupatsa nyumba pa nambala 221B Baker Street. Nambala imeneyo kunalibe pa nthawiyo. Tidzakumana nayenso Holmes kutsogoloku.

Mankhwala a utsi anali magetsi. Mu 1890 njanji ya City and South London inasonyeza njira ina yomangira: m'malo mong'amba msewu, ankatsika pansi kwambiri, m'dothi la makande limene lili pansi pa London, n'kumaboola una wozungulira mothandizidwa ndi chishango chachitsulo cha injiniya James Henry Greathead, n'kumautchinga ndi zitsulo. Mu una wotero injini ya moto singalowe, choncho sitima zake zinali za magetsi. Anthu ataona ukhondo wake, Metropolitan inayamba kutaya okwera. Pa 1 Januwale 1905 sitima za magetsi zinayamba kuyenda pakati pa Baker Street ndi Uxbridge, ndipo m'chaka chomwecho njira yozungulira nayo inalandira magetsi. Mizinda ina inali itayamba kale kutsanzira London: Budapest ndi Glasgow mu 1896, Paris mu 1900, New York mu 1904. Mawu oti metro, amene lero amamveka kuyambira ku Moscow mpaka ku Cairo, ndi chidule cha dzina lija la Metropolitan.

Una woyamba wofika pa Baker Street unabwera ndi mbiri yachisoni. Ntchito ya Baker Street and Waterloo Railway inayamba mu 1898 ndi ndalama za kampani ya Whitaker Wright. Kampaniyo inagwa kumapeto kwa 1900. Mu 1904 khoti linapeza Wright wolakwa pa mlandu wa chinyengo, ndipo anamwa poizoni pabwalo la milandu pomwepo. Njanji yosathayo inagulidwa ndi gulu la Charles Tyson Yerkes, wamalonda wa ku America amene analemera ndi njanji za ku Chicago. Nayenso, monga Pearson, sanaone mapeto: anamwalira mu Disembala 1905, ndipo njanji inatsegulidwa pa 10 Malichi 1906. Dzina lake linali lalitali, choncho nyuzipepala ina inalidula n'kulumikiza Baker ndi Waterloo kukhala Bakerloo. Anthu analikonda, ndipo kampani inalitenga. Poyamba Baker Street inali pothera pa njanjiyi ndipo inali ndi nyumba yakeyake ya matailosi ofiira, okwera akutsika ndi zikepe. Mu 1907 inapitirira ku Marylebone ndi Edgware Road, mu 1913 ku Paddington, kenaka kumpoto chakumadzulo kudutsa Harlesden, dera limene Dr. Hastings Kamuzu Banda ankagwirako ntchito ya udokotala nkhondo yachiwiri itatha.

Zaka zoyambira 1910 mpaka 1930 ndizo zinali zaulemerero wa Metropolitan, ndipo Baker Street inali likulu lake. Motsogozedwa ndi bwana wamkulu Robert Selbie, siteshoni inamangidwanso, mapulatifomu a nthambi ya kumpoto anakhala anayi, ndipo maofesi a kampani anamangidwa pambali pake. Wojambula mapulani anali Charles Walter Clark. Kampaniyi inali ndi mwayi umene makampani ena a njanji analibe: lamulo linkailola kusunga malo otsala m'mbali mwa njanji. Inayamba kumangapo nyumba n'kumagulitsa, podziwa kuti wogula nyumba ku Pinner kapena ku Wembley adzagulanso tikiti tsiku lililonse moyo wake wonse. Mu 1915 inapatsa dera lonselo dzina loti Metro-land. Kuyambira 1910 panali mabogi awiri apamwamba a Pullman, otchedwa Mayflower ndi Galatea, momwe mabwana ankadyera chakudya cha m'mawa ali pa ulendo. Mainjini 20 a magetsi a m'ma 1920 anapatsidwa mayina, pafupifupi onse a anthu otchuka, ndipo nambala 8 inatchedwa Sherlock Holmes. Mu 1929 pamwamba pa siteshoni panatsirizidwa nyumba yaikulu yosanja, Chiltern Court, imene munakhala alembi H. G. Wells ndi Arnold Bennett. M'siteshonimo muli mwala wa chikumbutso wa antchito a kampani amene anafera pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo ulipo mpaka lero.

Tinene chilungamo: nyumba za Metro-land zinali za makalaliki ndi anthu opezako bwino. Amphawi a Pearson ambiri sanafikeko.

Pa 1 Julayi 1933 ufumu wa Metropolitan unatha. Boma linaphatikiza njanji za pansi, mabasi ndi matiramu pansi pa bungwe limodzi, London Passenger Transport Board. Eni Metropolitan anakana mpaka pomaliza, ponena kuti yawo ndi njanji yaikulu ngati zina zonse, koma sizinathandize. Chaka chomwecho mapu a Harry Beck anasindikizidwa, osonyeza njanji iliyonse ndi mtundu wake, mizere yowongoka, osasamala za mtunda weniweni. Bungwe latsopanolo linadula nthambi za kumidzi: Brill inatsekedwa mu 1935, ndipo sitima zinaleka kufika ku Verney Junction mu 1936. Linatsegulanso, pa nambala 200 Baker Street, ofesi ya katundu wotayika. Ambulera, chipewa, chikwama, buku, chilichonse choiwalika m'basi kapena m'sitima ya London chinkabwera kuno, n'kulembedwa, n'kusungidwa m'zipinda za pansi kudikira mwini wake. Ofesiyi inakhala pamenepo mpaka 2019, ndipo makompyuta atabwera, pulogalamu yake yolondolera katundu anaitcha Sherlock.

Panali vuto limodzi limene kanjanji ka 1868 kanasiya. Nthambi zonse za kumpoto, Uxbridge, Watford ya 1925, Stanmore ya 1932, Aylesbury, zinkathira sitima zawo m'njira yopapatiza ya mizere iwiri pakati pa Finchley Road ndi Baker Street. Bungwe latsopano linaboola una wina pansi pake n'kuulumikiza ku Bakerloo, ndipo pa 20 Novembala 1939 sitima za ku Stanmore zinasamukira mmenemo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itayamba kale. Mabomba atayamba kugwa mu 1940, anthu a ku London anatsikira m'masiteshoni akuya ndi mabulangete awo, ndipo usiku wina mu Seputembala anawerengedwa 177,000. Pa nambala 64 Baker Street panali likulu la Special Operations Executive, gulu lachinsinsi lotumiza anthu kuseri kwa adani, ndipo nthambi yake yoona za Norway inkagwirira ntchito mu Chiltern Court, pamwamba pa mapulatifomu.

Nkhondo itatha antchito anasowa, ndipo kuyambira 1956 London Transport inkapita kukalemba anthu ntchito ku Barbados, kenaka ku Jamaica ndi Trinidad. Anthu akuda amenewa anakhala makondakitala, alonda a sitima, osesa ndi ophika, ndipo ambiri anakumana ndi tsankho posaka nyumba ndi pokwezedwa pa ntchito. Ana ndi adzukulu awo ali pa ntchitoyi mpaka pano. M'zaka zomwezo nthunzi inali isanatheretu: sitima yochoka ku Baker Street ndi injini ya magetsi inkasintha pa Rickmansworth n'kukokedwa ndi ya malasha. Magetsi anafika ku Amersham ndi Chesham mu 1960, ndipo mu Seputembala 1961 nthunzi inatsazika pa sitima za anthu za Metropolitan, patatha zaka 98.

Mfundo imene inamasulidwa mu 1939 inakamangika pena. Tsopano nthambi ziwiri za Bakerloo zinkakumana pa Baker Street, ndipo kumwera kwake sitima zinkadzaza mosaneneka. Mu 1971 anayamba kuboola una watsopano wodutsa Bond Street ndi Green Park kukafika ku Charing Cross. Poyamba njanjiyi inkati itchedwe Fleet, koma anaisintha dzina pokumbukira zaka 25 za ufumu wa Mfumukazi Elizabeth II mu 1977. Jubilee inayamba kunyamula anthu pa 1 Meyi 1979, n'kutenga nthambi ya Stanmore, ndipo mu 1999 inatalikitsidwa kudutsa Westminster, Waterloo, London Bridge ndi Canary Wharf mpaka ku Stratford. Amisiri anachita mwanzeru pa Baker Street: anayala mapulatifomu mwakuti wochoka mu Bakerloo kupita mu Jubilee yolowera mbali yomweyo amangodutsa kakhonde, osakwera kapena kutsika.

M'zaka za m'ma 1980 anthu anayamba kuyang'ana m'mbuyo. Mapulatifomu a 1863 anali atabisika ndi mwaye, zikwangwani ndi zomata za mibadwo yambiri. Anazichotsa, anatsuka njerwa, ndipo m'mipata yopendekeka ija, imene inali itatsekedwa kale, anaikamo nyali zachikasu zoyerekeza kuwala kwa dzuwa. Pansi, pa mapulatifomu a Bakerloo, makoma anamatidwa matailosi a chithunzi cha mutu wa Holmes, chipewa chake ndi kaliwo wake, ndipo pa Jubilee anaika zithunzi za nthano zake. Makalata olembera Holmes ankafika ndithu ku Baker Street kuchokera m'maiko ambiri, ndipo bungwe la Abbey National, limene nyumba yake inali pa nambala ya Holmes ija misewu itawerengedwanso, linali ndi mlembi wowayankha. Bungwe lomwelo ndilo linalipira chipilala cha Holmes chimene chinaimikidwa pakhomo pa siteshoni mu 1999.

Masoka awiri a zaka zimenezi anagwa pa masiteshoni oyandikana nayo, koma anasintha moyo wa Baker Street. Pa 18 Novembala 1987 moto unabuka pansi pa masitepe oyenda okha a matabwa ku King's Cross, ndipo anthu 31 anafa. Kusuta kunaletsedwa paliponse m'masiteshoni, ndipo masitepe a matabwa anayamba kuchotsedwa. Pa 7 Julayi 2005 zigawenga zinaphulitsa mabomba m'sitima zitatu ndi m'basi imodzi. Limodzi linaphulika m'sitima ya Circle, njira yozungulira ija, itangonyamuka pa Edgware Road, siteshoni yotsatira kumadzulo.

Lero Baker Street ili ndi mapulatifomu 10, ochuluka kuposa siteshoni ina iliyonse ya London Underground, ndipo manambala ake amanena mbiri imene tafotokozayi. Mapulatifomu 1 mpaka 4 ndi a Metropolitan, ana a kanjanji ka 1868: pa 1 ndi pa 4 sitima zimathera pomwepo n'kubwerera, pamene 2 ndi 3 ndi a sitima zopitirira ku Aldgate kapena zochokera kumeneko. Kumpoto zimapita ku Uxbridge, Watford, Amersham ndi Chesham, ndipo pa nthawi yopita ndi yoweruka ku ntchito zina zimadumpha masiteshoni. Tsiku la mpira ku Wembley, mapulatifomu amenewa amadzaza ndi ochemerera. Mapulatifomu 5 ndi 6 ndi akale aja, ndipo amagawana Circle ndi Hammersmith & City, imene inapatsidwa dzina lakelake pa mapu mu 1990. Kuyambira Disembala 2009 Circle siingozungulira ayi. Ili ndi mchira wofika ku Hammersmith. Mapulatifomu 7 mpaka 10 ali pansi kwambiri, a Bakerloo ndi Jubilee. Mlendo amasokera m'makonde ndi m'masitepe a siteshoniyi, ndipo sindimudabwa, chifukwa inamangidwa ndi makampani osiyana, m'zaka zoposa 100, aliyense akuwonjezera pa zimene anapeza.

Kayendedwe kasintha kwambiri. Kuyambira 2003 okwera amagunditsa khadi la Oyster pa geti, ndipo kuyambira 2014 khadi la ku banki limagwiranso ntchito yomweyo. Mawindo ogulitsira matikiti anatsekedwa, antchito anatuluka kukaima pafupi ndi makina. Sitima za njanji zitatu zosazama, zimene zinayamba kufika mu 2010, zili ndi zoziziritsira mpweya ndipo munthu amayenda kuchokera ku bogi loyamba mpaka lomaliza. Za Bakerloo n'za 1972, zakale kuposa sitima zina zonse zonyamula anthu tsiku ndi tsiku ku Britain. Kuyambira Okutobala 2016 Jubilee imayenda usiku wonse Lachisanu ndi Loweruka. Pali zinthu ziwiri zimene ukalamba wa siteshoniyi sunazikonze. Mapulatifomu a Metropolitan ndi okhota, choncho pakati pa sitima ndi pulatifomu pamatsala mpata woti mwendo ungalowe, ndipo chenjezo lija la "Mind the gap" pano n'lofunika kulimvera. Chachiwiri, masitepe ndi ambiri, moti woyenda pa njinga ya olumala kapena mayi wokankha mwana amavutika. Pa siteshoni imene inayamba ndi chifundo cha Pearson, imeneyi ndi ngongole imene ikudikira kubwezedwa.

Mu Januwale 2013, pokumbukira zaka 150, injini ya nthunzi ya Metropolitan nambala 1, yopangidwa mu 1898, inadutsanso pa mapulatifomu akale ikukoka mabogi a matabwa, ndipo utsi unadzaza denga lija monga kale. Mu Malichi chaka chomwecho Mfumukazi Elizabeth II inabwera kudzayendera siteshoniyi.

Inu amene muli ku Britain, kapena amene mudzafikeko tsiku lina, mukadzatsika pa Baker Street musadzathamangire ku zidole za phula kapena ku Regent's Park. Mudzafunse njira ya ku pulatifomu 5, mudzakweze maso muone njerwa ndi mipata ya utsi, kenaka mudzakwere sitima yolowera kum'mawa. Idzaima pa Great Portland Street, pa Euston Square, pa King's Cross St Pancras, ndipo kachinayi idzaima pa Farringdon, kumene inkathera njanji ya 1863.